Diso Losatsinzina

Ku Burela mvula sigogoda, imangolowa.
Ine Sabela Insua ndili pa kampando kanga m'shedi ya padoko,
ukonde wa sitima ya Amaro wadzaza pansi ponse,
wobiriwira, wonunkha mchere ndi dizilo,
ndipo ndikuwerenga maso ake ndi chala chachikulu
monga ndachitira zaka makumi atatu ndi zinayi.

Pamtunda pano diso lililonse ndi loona mtima.
Wa boma akabwera ndi kachitsulo kake koyezera
limatseguka bwinobwino, osaperewera,
iye n'kusaina, n'kupita kukamwa khofi.
Koma ine ndimalidziwa.
Likokeni uku ndi uku muone:
dayamondi uja wa pa njuga wasanduka kamzere,
diso latsinzina.
Ndiye kumeneko, mamita mazana asanu pansi pa madzi a Gran Sol,
kumene dzuwa silinapondeko,
thumba lakumchira likalemera, zingwe zikati gwa,
maso onse amatsinzina pamodzi
ngati mboni zogulidwa.

Sindinafikeko ine. Anandiuza ndi Breixo, mwana wanga,
atabwera milungu itatu ya panyanja ili pankhope.
Anati, Mayi, timeluza tosafika dzanja langali,
maso ali tong'o, mimba zatulukira kukamwa,
ndimatiwola ndi fosholo.
Anatero akusenda lalanje, osandiyang'ana.

Choncho m'chisanu ndinadula thumba lakale,
ndinautembenuza ukonde
kuti zingwe zina ziyende molunjika, zina zipingase,
diso likhale zenera la ngodya zinayi.
Kokani mmene mungathere, zenera silitsinzina.
Mfundo zake zimaterereka, n'zoona, zinandidya zala,
ndinasoka, kumasula, kusokanso mpaka Lachisanu usiku.

Amaro anaima pakhomo chipewa chikudontha.
Iwe Sabela, wandibowolera thumba la ndalama.
Ndinati, ndabowola la chaka chino,
la mdzukulu wako ndalisoka.
Sanaseke. Ali ndi ngongole ya injini kubanki
ndi amuna khumi ndi mmodzi odya pa mabokosi ake,
mmodzi wa iwo ndi wanga.

Anapita. Ndinatsala ndi wailesi yonena za mphepo.

Pobwera, mabokosi anachepa koma nsomba zinali zazikulu,
ndipo fosholo, akuti, inapumako.
Meluza ndi wobulungira ngati mkono wa mwana,
wamng'ono akaona zenera amangoti psiti, wapita
kukakula mumdima wake.
Ndinali pafupi kuvula epuloni n'kuvina pasimenti
pamene Breixo anaika patebulo kansomba kena,
rapante, wophwatalala ngati tsamba,
maso onse awiri ali mbali imodzi.
Uyu, Mayi, ankatulukira pa kamzere kaja.
Pa zenera lanu sakwana, amakanirira m'mapewa.

Khomo la wina ndi khoma la mnzake.
Zimenezi singano sinandiuze.

Dzulo kunabwera mtsikana wa ku sukulu ya zanyanja, Uxía,
ndi kope lonyowa m'mphepete.
Akuti tiyese mazenera pamwamba, kumene meluza amathawira,
madayamondi pansi, kumene rapante amakwawa.
Wajambula mzere wopindika wosonyeza
theka lotsala ndi theka lopulumuka.
Ndamufunsa kuti wa pakatikati, wa pamzere penipeniyo,
amasankhidwa ndi ndani.
Wati ndi mwayi, ndi kutopa kwake, ndi liwiro la sitima.
Ndati komanso ndi chala changachi,
tsiku limene nyamakazi yandilola kumanga mfundo yolimba.

Kunja kwada. Sitima ikunyamuka Lolemba.
Ndayala theka la mazenera, theka la madayamondi,
msoko wapakati sunagwirizane,
diso limodzi likutsala paliponse pamene ndawerenga.
Ndakulunga ulusi pasingano, ndaluma kunsonga,
ndakoka mfundo yoyamba ndi mphamvu zonse,
ndipo ndazindikira kuti nanenso,
ndikamakoka, ndimatsinzina.